Njinga Zapeza Malo, Renske Akudikirabe

Kwa Wolemekezeka Khansala Woyang'anira za Ana, Misewu ndi Zinyalala,
Nyumba ya Khonsolo,
Turfzijl.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndikudziwa kuti wofuna kulankhula nanu amapempha tsiku kwa mlembi wanu. Ndinapempha, ndipo anandipatsa: pa 9 Januwale, kwa mphindi khumi. Zikomo kwambiri. Koma nkhani yanga ikutha pa 14 Novembala, ndiye ndati ndidzere m'nyuzipepala yaulere ino, imene amaiponya pakhomo panu Lachitatu lililonse monga amachitira pakhomo pathu ife anthu wamba. Mwina tsiku lina mukamakulungiramo makoko a mbatatesi diso lanu lidzagwera pa dzina langa.

Ndine Harmke Zijlema, mayi wa zaka 58, wokhala m'mafulati a kuseri kwa fakitale ya makatoni. Kwa zaka 26 ndinaphunzitsa pasukulu ya mkaka ya kutsidya kwa ngalande, kumene ana amabwera atadya kale, atawerengeredwa kale ndi mabuku awiri. Ndinali pabwino. Chimene chinandisokoneza ndi nkhope yanu, Bwana, imene inali kumwetulira pachikwangwani cha pamalo okwerera basi m'mwezi wa Meyi chaka chatha. Munkaitana anthu odziwa ntchito kuti atsegule sukulu za mkaka m'madera a osauka, khonsolo n'kumalipirira anawo. Munalemba kuti mwana aliyense wa mu Turfzijl ayambe sukulu ali wokonzeka. Ine, chitsiru cha mkazi, ndinakhulupirira chikwangwani.

Koma si inu nokha amene munandinyenga. Pansi pa fulati yanga pamakhala Gea Bultena, amene amakolopa kunyumba ya okalamba, ndi mwana wake wamkazi, Renske. Nthawi imeneyo Renske anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo mawu amene ankadziwa sankakwana khumi. Anamwino a kusikelo anamulembera chikalata choti akufunika sukulu ya mkaka maola 16 pa sabata asanakwanitse zaka zinayi, chifukwa monga mukudziwa, akangokwanitsa zinayi amalowa sukulu yaikulu, alankhule asalankhule. Sukulu yokhayo yolandira zikalata zotere inali yodzaza mpaka pakhomo. Gea anandiimitsa pamasitepe ndi chidebe m'manja, nandiuza kuti: "Iwe Harmke, watha moyo wako wonse kuphunzitsa ana a madokotala kunena kuti gulugufe. Wangayu ngakhale madzi sanena, amangoloza mpopi. Ndiye uzingoyang'ana?"

Sindinayang'ane. Ndinasiya ntchito, ndinadzaza mafomu anu, ndipo dzina loyamba pa ana khumi ndi asanu ndi mmodzi amene ndinalemba linali la Renske Bultena. Papita chaka ndi theka. Popeza makolo anandilera bwino, ndikufuna kukuthokozani pa zimene mwandichitira m'nthawi imeneyi, chimodzichimodzi, kuti pasakhale chokoma chanu choiwalika.

Choyamba, zikomo pondilembetsa mayeso a chinenero changa. Ndinabadwira kuno, ndinakwatiwa m'chinenero chino, ndakalipira ana a eni m'chinenero chino, mwamuna wanga ndinamulira m'chinenero chomwechi, koma sindinkadziwa ngati ndimachitha. Tsopano ndili ndi pepala. Zikomonso pa chikalata cha kuboma chotsimikiza kuti ndine munthu wa mbiri yabwino. Ndachiika m'felemu, ndipo ndikubwereranso kwa icho m'munsimu.

Chachiwiri, zikomo potilola kugwiritsa ntchito holo yakale ya gulu la oweta nkhunda. Zitosi za zaka makumi anayi tinazipala ndi manja athu, ine ndi makolo, Loweruka lililonse mpaka chilimwe chinatha. Munati zitseko zikhale ndi zotchinga kuti zisapane zala, tinaika. Munati zimbudzi zikhale zazifupi, tinafupikitsa. Munati chitseko chilichonse chikhale ndi galasi, ndipo pakhale mphunzitsi wachiwiri, kuti wamkulu asamakhale ndi mwana popanda wina womuona. Lamulo limeneli ndimalilemekeza ndi mtima wonse, sindikuseka. Mnzanga Dineke Stuut anasiya ntchito yake kuti akhale maso achiwiriwo. Wakhala akundiyang'anitsitsa chaka chathunthu tsopano, ndipo akuti ali wokonzeka kulumbira kuti sanandionepo ndikulakwira mwana m'chipinda chimenecho, popeza simunalowepo mwana.

Chachitatu, zikomo potitumizira Bambo Kuizenga, woyendera sukulu za ana. Ndi munthu wachilungamo, ndipo tepi yake yoyezera amaisunga m'kathumba kachikopa. Lamulo limati mwana aliyense akhale ndi masikweya mita atatu a bwalo losewerera panja. Ana 16, mamita 48. Bambo Kuizenga anagwada pabwalo lathu m'mvula ya Novembala, anayeza, napeza 52. Anadzuka akupukuta mawondo n'kunena kuti: "Mayi Zijlema, mwakwanitsa, ndipo patsala malo a mwana mmodzi ndi kagalu." Tsiku limenelo tinagula keke ya maapozi. Gea analira. Tinauza makolo kuti tikutsegula chaka chikangoyamba, pepala lomaliza likangotuluka.

M'malo mwa pepalalo kunabwera kalata yochokera ku ofesi yanu ya za njinga, ndipo apa ndi pamene kuthokoza kwanga kukusefukira.

Chachinayi, tsono, zikomo pa zitsulo zoimikapo njinga. Kalatayo inati sukulu ya mkaka yatsopano iliyonse iyenera kukhala ndi poimika njinga za bokosi zisanu ndi imodzi, njinga zija zokhala ndi bokosi lamatabwa kutsogolo, zimene amayi a kutsidya kwa ngalande amanyamuliramo ana, galu ndi maluwa. Ndinayankha mwaulemu kuti m'mafulati athu onse mulibe njinga yoteroyo ngakhale imodzi. Tili ndi njinga, inde, ndife anthu, koma zathu ndi zokalamba, zolira ponseponse kupatula belu. Ndinawonjezera kuti ana onse 16 amakhala tsidya lina la msewu womwewo, ndipo mayi akaima pawindo lake amaona chitseko cha sukulu. Yankho linabwera patatha masabata asanu, ndipo ndimaliwerenga ndikafuna kudzichepetsa. Linati lamulo siliyang'ana makolo amene alipo, limayang'ana makolo amene angadzakhalepo.

Sindinadziwe kuti mumatiganizira zazikulu chotere, Bwana. Ife tikuvutika ndi za mawa, inu mukuona kale tsiku limene Gea adzatsike pa njinga ya bokosi atanyamula maluwa.

Popeza m'mphepete mwa msewu ndi mopanikiza, anthu anu anaona kuti malo abwino ndi pabwalo la ana. Anabwera awiri m'mwezi wa Febuluwale, ndi galimoto ya khonsolo. Nditayesa kuwaletsa, wamkuluyo anandiyankha akutafuna buledi wake wa tchizi: "Mayi, ife tangotumidwa. Mungosankha, tizimange chopingasa kapena chotsata mpanda?" Ndinasankha chotsata mpanda. M'chaka ndi theka chonsechi ndi chinthu chokhacho chimene khonsolo inandifunsa maganizo n'kuwatsatira.

Chachisanu, zikomo potitumiziranso Bambo Kuizenga, popeza bwalo likasintha liyenera kuyezedwanso. Anagwada pomwe paja. Anapeza 41. Anayezanso kuchokera mbali ina, mwina poganiza kuti bwalo lingamumvere chisoni, koma anapezabe 41. Khofi amene ndinamuthirira sanamwe. Anangoti: "Mayi Zijlema, tepi sinama, ndipo ine sindingaikakamize." Ndinamufunsa ngati malo a pakati pa zitsulo sangawerengedwe. Anati ayi, amenewo si malo osewerera. Mwina mungakonde kudziwa, Bwana, kuti ana a m'mafulati akaweruka amalumpha mpanda n'kumalendewera pa zitsulo zimenezo mitu ili pansi, ndipo m'dera lathu lonse mulibe chinthu china choseweredwa kuposa izo. Koma pepala likuti si malo osewerera, ndipo ine ndine yani kuti nditsutsane ndi pepala?

Ndinati chabwino, mamita 41 akukwana ana khumi ndi atatu, tiyambe ndi amenewo. Ofesi yanu ya za ana inandiyankha kuti ndinapempha gulu la 16, ndipo gulu la 13 ndi pempho latsopano. Mapempho atsopano amalandiridwa kamodzi pachaka, m'mwezi wa Malichi, ndipo khomo linali litatsekedwa masiku asanu ndi anayi apitawo. Ndinapita ku ofesi ya njinga kukapempha kuti achotse zitsulo zitatu zokha. Anati nkhani ya bwalo ndi ya ofesi ya ana. Ku ofesi ya ana anati nkhani ya zitsulo ndi ya ofesi ya njinga. Maofesi awiriwa ali pakhonde limodzi, zitseko zawo n'zoyang'anana, amamwera khofi pamakina amodzi, ndipo onse bwana wawo ndi inu. Walira mvula walira matope, ndinadziuza ndekha potsika masitepe.

Ndisaiwale ulendo wanu, chifukwa ndi ulemu umene sitidzauiwala. Munabwera m'mwezi wa Epulo ndi wojambula, kudzaonetsa dziko sukulu ya mkaka yoyamba mu Turfzijl yokonda njinga. Munabwera pa njinga ya bokosi, yobiriwira, yonyezimira, ndipo munaiimika pa chitsulo chachiwiri kuchokera kumpanda. Ndikunena motsimikiza chifukwa ndiyo njinga yokhayo imene yaimapo pamenepo chimangireni zitsulozo. Wojambula anafuna mwana, ndipo Gea anali pomwepo ndi Renske. Munamunyamula, munamukhazika m'bokosi, munamufunsa dzina lake. Sanayankhe. Munamufunsa zaka zake. Anangokuyang'anani. Inu munaseka n'kuuza wojambula kuti: "Aa, kamanyazi aka!" Gea anayang'ana pansi, makutu ake atafiira. Si manyazi, Bwana. Ndi chifukwa chake chenicheni chimene sukuluyo inayenera kutsegulidwira, ndipo munali mutachinyamula m'manja mwanu. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, zikomo pa msonkhano. Nditalemba makalata asanu ndi awiri, maofesi awiri aja anagwirizana kukumana. Kupeza tsiku loti onse ali ndi mpata kunatenga masabata asanu ndi limodzi, popeza anthu oyang'anana zitseko sangangogogoda popanda kulemba m'buku la masiku. Tinakhala mozungulira tebulo anthu khumi ndi mmodzi. Aliyense anapatsidwa khofi ndi bisiketi imodzi, chitini n'kutsekedwa. Aliyense analankhula, aliyense anamvedwa, aliyense anati akumvetsa nkhawa ya mnzake. Palibe amene anakweza mawu kupatula ine, ndipo ndinapepesa. Pomaliza anagwirizana onse kuti mutu umodzi susenza denga, choncho pakhazikitsidwe komiti. Komitiyo itangokhazikitsidwa inakoka makalavani ake, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, n'kupita kutchuthi, ndipo inabwerako mu Seputembala itapsa ndi dzuwa.

Itabwerako inagwira ntchito, ndisaname. Inatuma munthu kudzawerenga njinga za bokosi zofika pasukulu yathu. Anakhala pampando wopinda masabata awiri, m'mawa ndi masana. Dineke ankamupatsa supu. Anawerenga, napeza kuti palibe. Lipoti lake, la masamba khumi ndi anayi, linati popeza sukuluyo sinatsegulidwe, chiwerengerochi sichikutsimikiza kanthu, ndipo njinga zidzawerengedwenso sukulu ikadzatsegulidwa, kuti zidziwike ngati zitsulo zingachotsedwe, kuti sukulu itsegulidwe. Ndinawerenga chiganizo chimenechi katatu. Ndinayamika Mulungu kuti ndinakhoza mayeso a chinenero aja.

Pali munthu mmodzi yekha amene wabweretsa njira yothetsera nkhaniyi, ndipo sali m'komiti. Ndi Bambo Roelf, amene anali wapampando wa oweta nkhunda, nkhalamba ya zaka 79. Anazungulira zitsulozo, anazigogoda ndi ndodo, nandiuza kuti: "Mtsikana iwe, mabawuti anayi pa chitsulo chilichonse, sipanala ya 17. Kateleke khofi, asanawire ndikhala nditatha. Akabwera apolisi uwauze kuti zadyedwa ndi nkhunda." Ndinamukaniza. Zitsulozo ndi katundu wa khonsolo, ndipo wochotsa katundu wa khonsolo amataya chikalata chija cha mbiri yabwino, ndipo wopanda chikalatacho sangatsegule sukulu ya mkaka. Mwaimanga bwino nkhaniyi, Bwana, ilibe potulukira mphepo.

Mungafune kudziwa za Renske, popeza muli naye pachithunzi. Ndimakhala naye kukhitchini kwanga ola limodzi madzulo, monga mnansi, chifukwa pamenepo simunaikepo lamulo. Wawonjezera mawu, koma ochepa. Mwana saphunzira kulankhula kwa mayi wokalamba yekha. Amaphunzira polimbirana fosholo ya mumchenga, ponamizira mnzake, poimba molakwitsa pamodzi ndi ena khumi ndi asanu. Zimenezo ine ndilibe kukhitchini. M'holo muja mwana aliyense tinamuikira kamsomali kokolekapo jasi kokhala ndi chizindikiro chakechake, ndipo ka Renske kali ndi chule. Tsiku lililonse popita kusitolo amakoka dzanja la mayi ake, amakanikiza mphuno pagalasi, n'kuloza. Mwezi wathawu ananena yekha, popanda womuuza, kuti "chule wanga." Mawu awiri motsatizana. Gea anandiimbira foni ali pomwepo. Ndinasangalala, kenako ndinakhala pansi n'kulira ndi ukali, chifukwa mwana ameneyu waphunzira mawu amenewo kudzera pawindo la chipinda chimene chinakonzedwera iye. Zikundiwawa, Bwana, ndipo pa ichi chokha sindikuthokozani.

Pa 14 Novembala akwanitsa zaka zinayi. Tsiku lotsatira alowa sukulu yaikulu, pakati pa ana makumi atatu, ndipo chikalata cha kusikelo chija chidzakhala pepala lokolezera moto. Madzi akatayika sawoleka, ndipo chaka ndi theka chimenecho simungamubwezere ngakhale mutafuna. Sindikukupemphani zimenezo.

Mukudziwa mwambo wathu, poti nanunso munali mwana. Wokwanitsa zaka zinayi amatsanzika kusukulu ya mkaka atavala chisoti chapepala cholembedwa nambala yake. Amaima pampando, anzake amamuimbira, kenako amazungulira ndi mbale kugawira aliyense kachakudya. Renske anaona msuweni wake akuchita zimenezi, ndipo kuyambira pamenepo amayenda m'nyumba ndi chivundikiro cha poto, kugawira mipando. Sabata yatha Gea anandifunsa pamasitepe pomwe paja: "Harmke, chisoti ndadula kale. Nanga akagawira ndani? Zitsulo?" Funso limenelo ndilo landichititsa kutenga cholembera.

Pempho langa lili pawiri, ndipo musankhe lokupepukirani.

Loyamba ndi lalikulu kwambiri, ndikuchita nalo manyazi. Mutuluke mu ofesi yanu, muyende mapazi asanu ndi atatu pakhonde, mugogode zitseko ziwiri zoyang'ananazo popanda kulemba m'buku la masiku, ndipo mutume munthu mmodzi ndi sipanala ya 17. Ngati khonsolo ilibe, Bambo Roelf abwereketsa. Bambo Kuizenga andiuza kuti adzabwera ndi tepi yake tsiku lomwelo, ngakhale litakhala Lamlungu. Mukatero Renske adzakoleka jasi lake pa chule wake masiku owerengeka, adzaima pampando pa 14, ndipo ana khumi ndi asanu a pambuyo pake sadzafunika kuphunzira kulankhula pawindo.

Ngati zimenezi zikufuna komiti, ndikumvetsa, ndipo ndikupempha lachiwiri. Pa 14 Novembala, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mukhale mu ofesi yanu, muitanenso a njinga, a za ana, ndi a komiti onse. Ndawerenga, mukukwana khumi ndi asanu, ndiye gulu ndi lathunthu ndipo sipafunika pempho latsopano. Palibe ana amene akhala ndi Renske nthawi yaitali monga mwakhalira inu ndi fayilo yake, choncho anzake a m'kalasi ndinu. Tidzabwera naye atavala chisoti. Adzakugawirani tchizi ndi mphesa zobayidwa pa kamtengo, kamodzi aliyense, monga mwa chizolowezi chanu. Musavutike kutisungira poimika njinga, tidzabwera wapansi.

Akadzafika pa inu, Bwana, ndikupempha modzichepetsa kuti musadzamunyamule. Mudzagwade kuti maso anu alingane ndi ake, mudzamufunsenso funso lanu lija la mu Epulo, kuti ali ndi zaka zingati. Kenako mudzadikire yankho. Musadzaseke, musadzayang'ane wotchi, musadzamuyankhire. Lingachedwe, mwinanso silidzabwera n'komwe. Koma mudzapirire, poti iye wadikira lanu kwa chaka ndi theka, ndipo sanadandaulepo ngakhale kamodzi, chifukwa mawu ake odandaulira alibe.

Ine wanu wogonjera, wokhoza mayeso a chinenero, wa mbiri yabwino kufikira lero,

Harmke Zijlema,
Mphunzitsi wamkulu wa mipando khumi ndi isanu ndi umodzi,
Holo ya Nkhunda, kuseri kwa fakitale ya makatoni.